Wosunga Mbewu Si Womana



Miyezi ingapo yapitayo, tsiku lina Loweruka msonkhano wa bungwe lathu utatha, mayi wina adatsalira anzake akutuluka. Ankachita ngati akutithandiza kusanja mipando, koma tidaona kuti pali chimene chili kukhosi. Mpando womaliza utaikidwa pamalo pake, adafunsa chapansipansi ngati m'dziko muno muli mankhwala ogonetsa amene munthu angagule osaonana ndi dokotala. Tidakhala naye pansi. Mayiyu, amene sitimutchula dzina ndipo zina zokhudza iye tazisintha dala, amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Kwa theka la chaka adakhala akugwira mashifiti 6 pa sabata, iliyonse ya maola 12, ambiri mwa iwo a usiku. Akaweruka m'mawa, tulo osabwera. Kumudzi amalipirira fizi ana atatu a malemu mchemwali wake, amagulira mayi ake mankhwala a shuga, ndipo akumangitsa nyumba imene idaima pamawindo. Titamufunsa kuti adapuma liti tsiku lathunthu, adangoseka. Titati mwina achotseko shifiti imodzi ndi kukaonana ndi dokotala, kuseka kudatha, nati: "Ndiye ndikhale wodzikonda ine? Anthu akudya kamodzi kumudzi, ine ndizigona kuno?"

Funso limeneli si la mayiyu yekha. Ife ogwira ntchito za chisamaliro cha anthu, amene tsiku ndi tsiku timalowa m'makomo mwa mabanja amene zinthu zawathina, talimva kwa anamwino, kwa oyendetsa mabasi, kwa ophunzira ndi kwa abusa omwe. Ifenso eni ake tadzifunsapo, pakuti nafenso foni yathu imalira usiku. Maganizo athu ndi akuti funsoli lidakhota poyambira pomwe. Limaika kupuma kwa mayiyu mbali ina, njala ya abale ake mbali inanso, ngati kuti china chikakwera chinzake chiyenera kutsika. Chikhalirecho abale aja akudya kamodziko chifukwa mayiyu adakali chilili. Tsiku limene adzagwe, ndi kamodzi komweko kadzasowa.

Kumene mtima wodziimba mlandu udachokera

Tisanaudzudzule mtima umenewu, tivomereze kuti udachokera pabwino. Ambiri a ife sitidafike kuno ndi mphamvu zathu zokha. Pali amalume amene adagulitsa ng'ombe kuti tilipire fizi, pali achemwali amene adasiya sukulu kuti ife tipitirize, pali abale amene adakongola ndalama ya ndege. Tidaleredwa ndi mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndi akuti chibale ndi fupa sichiola. Tidakulanso tikumva mbiri ya matchona, amuna amene adapita kumigodi ya ku Joni kapena kumafamu a ku Rhodesia naiwala kwawo, osatumiza ngakhale kalata. Dzina limenelo timaliopa kuposa matenda. Choncho munthu akagula nsapato yakeyake, kapena akagona mpaka dzuwa litakwera, mumtima mumamveka mawu omufunsa ngati nayenso sadayambe kutchona.

Ndipo zosowa za kumudzi n'zenizeni. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, idatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya feteleza, chimanga ndi mankhwala n'kukwera motsatira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola midzi ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena a kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Chaka chotsatira chilala chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Chilichonse mwa izi chidatipeza kuno kudzera pa foni. Makolo athu a kumigodi ankalandira pempho m'kalata yoyenda masabata, ndipo pofika mwina vuto linali litapeza kale njira ina. Lero pempho limafika pa WhatsApp nthawi yomweyo, pamodzi ndi chithunzi cha wodwala ali chigonere kapena cha denga losasuka, wotumizayo n'kuona kuti tawerenga. Ndalama nayo imayenda mphindi zochepa. Mpata woti munthu ayambe waganiza udatha.

Katundu wa kuno amene sitimuulula

Kuno nakonso kuli katundu wake amene kumudzi sitimuulula. Kuyambira mu Febuluwale 2022, pamene boma la Britain lidatsegula khomo la viza kwa osamalira okalamba ndi odwala, abale athu ambiri adabwera kudzera njira imeneyi. Viza yotereyi imamangirira munthu kwa bwana amene adamuitana. Ntchito ikatha, kawirikawiri amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze wina womulemba kapena atuluke m'dziko. Munthu wotere akaitanidwa kuntchito pa tsiku lake lopuma, pakamwa pamalemera kuti akane. Kuyambira mu Malichi 2024 obwera kumene pa ntchitoyi adaletsedwa kubwera ndi mabanja awo, kotero alipo amene adasiya ana aang'ono ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ndipo akuwalera pa foni. Mu Julaye 2025 khomolo lidatsekedwa kwa ofunsira ali kunja, ndipo amene adalowa kale amakhala mtima uli m'mwamba nthawi iliyonse akamva kuti malamulo akusinthanso.

Onjezanipo nyengo. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo wogwira ntchito usiku angathe kutha sabata osaliona. Onjezanipo lendi, msonkho wa khonsolo, magetsi ndi gasi, zimene zimameza malipiro asanafike m'manja. Mawu onyoza ochokera kwa ena mwa anthu amene timawasambitsa ndi kuwadyetsa. Khomo la woyandikana naye limene sitingagogode kukapempha mchere. Pamwamba pa zonsezi timadzitchera tokha msampha. Chithunzi chimene timatumiza kumudzi ndi chija tavala jekete yatsopano titaima pafupi ndi Big Ben. Chija tikuodzera m'basi ya 6 koloko m'mawa palibe amachijambula. Amene amaona zithunzi zathu sitingawaimbe mlandu akamaganiza kuti kuno ndalama timachita kutola.

Thupi ndi maganizo zimasenza mpaka pamene zimalekezera, ndipo zisanagonje zimachenjeza. Tulo timasowa kapena sitikwana ngakhale munthu agone bwanji. Amakalipira ana pa kanthu kakang'ono, amaiwalaiwala, mutu ndi msana sizileka kuwawa, mtima umagunda foni ikangolira, zimene kale zinkamusangalatsa sazifunanso, mowa umawonjezeka. Kwathu timangoti "akuganiza kwambiri" kapena "ali ndi maganizo", ndipo timaziona ngati khalidwe loti munthu angolisiya. Madokotala amati kukhumudwa ndi kutaya chidwi zikakhala pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, amenewo akhoza kukhala matenda, ndipo chithandizo chake chilipo. Vuto lathu n'lakuti tidakula ndi dzina limodzi lokha, misala, ndi malo amodzi okha, chipatala cha ku Zomba. Pakati pa munthu wabwinobwino ndi wotola zinyalala pamsika sitidasiyepo malo. Komatu bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse anali ndi vuto lina la m'maganizo. Potsata chiwerengero chimenechi, pa msonkhano wa anthu 40 pakhoza kukhala asanu, atavala bwino, akuimba nawo ndi kuseka nawo.

Chimanga cha kudenga

Tibwerere kumudzi pang'ono. Ambiri tikukumbukira kuti pokolola agogo ankasankha chimanga chachikuluchikulu, chokhwima bwino, nachipachika kudenga la khitchini pamwamba pa moto kuti utsi uzichiteteza kwa anankafumbwe. Chaka chikakhala choipa, nkhokwe inkatha mvula isanagwe, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, adzukulu n'kumalira njala maso ali kudenga. Agogo ankapita kukagwira ganyu, ankapita kukasuma kwa abale a kutali, koma chimanga cha kudenga sankachitsitsa. M'mudzi munalibe wowatcha omana. Aliyense ankadziwa kuti chikatsika lero banja lidya masiku atatu, ndipo mvula ikadzagwa lidzaima m'munda wolimidwa bwino popanda chobzala. Amene adaona njala ya 2002 akudziwa kuti pakhomo pamene njala idakakamiza anthu kudya mbewu, mavuto sadathere chaka chimenecho.

Kwa mabanja ambiri a kumudzi, mbewu ija lero ili kuno: ndi tulo tathu, msana wathu, ndi maganizo athu. Womana ndi amene nkhokwe yake ili yodzaza natseka chitseko mnzake akufa ndi njala. Wosunga mbewu amapereka zonse zimene zingaperekedwe, n'kusiya chokhacho chimene chikachoka sipadzakhalanso chopereka. Choncho funso loyenera kudzifunsa foni ikalira n'lakuti, kodi ndikapitiriza chonchi ndidzathabe kuthandiza chaka chamawa? Akuluakulu adati fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo mphika ukasweka ndiwo zonse zimathera pamoto.

Fanizoli lili ndi polekezera, ndipo sitikufuna kulipyoletsa. Mbewu imasungidwa chifukwa cha zokolola zake basi, pamene munthu sali choncho. Ngakhale pakadapanda wina wodalira malipiro anu, mukadayenerabe kugona, kudya bwino, kuseka ndi kuchiritsidwa mukadwala. Umunthu umene timanyadira umati munthu aliyense asamalidwe, ndipo sudanenepo kuti kupatula amene amatumiza ndalama.

Ena adzati zodzisamalirazi n'zachizungu, makolo athu sankazidziwa koma ankakhala bwinobwino. Zoona, dzina lake sankalidziwa, koma ntchito yake inkachitika, ndipo mudzi wonse ndiwo unkaonetsetsa kuti yachitika. Mayi akabereka ankakhala m'chikuta, ena akumuphikira ndi kumutungira madzi. Wofedwa sankasiyidwa yekha. Anthu ankagona pa siwa, ndipo opepesa ankabwerabe patapita masabata. Amayi ankatulutsa zakukhosi pamtondo ndi kuchitsime, abambo pa bawo pansi pa mtengo, ndipo banja likagwedezeka panali ankhoswe. Ngakhale munda unkasiyidwa kuti ugone, ng'ombe yapangolo inkamasulidwa goli dzuwa likakula. Zonsezi sizidakwere nafe ndege. Mlongo wathu kuno amatuluka m'chipatala patangopita tsiku limodzi kapena awiri atabereka, n'kukalowa m'nyumba mmene mulibe apongozi kapena azakhali, mwamuna ali kuntchito ya usiku. A NHS amati amayi oposa mmodzi mwa 10 aliwonse amadwala matenda a kukhumudwa m'chaka choyamba atabereka. Chimene mudzi unkatichitira osapempha, kuno tiyenera kuchikonza dala. Chachilendo ndi chokhacho.

Ena adzati, ndipo awa ndi ofunika kuwamvetsera bwino, kuyankhula n'kosavuta, koma mayi anga akagonekedwa kuchipatala sindingawauze kuti ndikupuma. Sitikunena kuti muwasiye. Alipo mapempho oyenera kudzuka nawo pakati pa usiku. Koma tikawerenga moona mtima mauthenga a mwezi wathunthu, tipeza kuti a mtundu umenewo ndi ochepa. Ambiri ndi a zinthu zimene zingadikire, kapena zimene ena angathandizepo. Mabanja amene tawaona akupeza mpumulo adachita zinthu zosavuta kunena ngakhale n'zowawa kuyamba. Adakhazikitsa ndalama imodzi ya mwezi ndi mwezi ndi tsiku lotumizira, nauza onse. Adaika padera kandalama ka matenda ndi maliro kuti zadzidzidzi zisamawagwetsere m'katapila. Adasankha munthu mmodzi kumudzi woti mapempho onse azidzera kwa iye. Adaitana abale onse, a ku Joni ndi a m'tauni omwe, kuti agawane katundu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koposa zonse adanena zoona: malipiro anga ndi awa, lendi ndi iyi, chotsala ndi ichi. Ena kumudzi adanyanyala, ndipo mawu akuti "wasintha" adamveka. Mawu amenewa amabaya ndithu, koma munthu amachira nawo msanga kusiyana ndi kufa ziwalo.

Makomo amene ali otsegula

Kwa ife okhala ku Britain, pali zinthu zimene lamulo lidatipatsa kale koma timachita nazo manyazi. Malamulo a nthawi yogwirira ntchito a 1998 amati munthu asakakamizidwe kugwira maola oposa 48 pa sabata, powerengera pakatikati pa masabata 17. Ambiri tidasaina pepala lovomera kupyola malirewa tsiku limene tidalembedwa ntchito, osaliwerenga n'komwe. Chivomerezo chimenecho munthu angathe kuchibweza polembera bwana kalata nthawi ikadalipo, ndipo sayenera kuchotsedwa ntchito pa chifukwa chimenecho. Malamulo omwewo amapereka maola 11 opuma pakati pa tsiku lantchito ndi linzake, tsiku lathunthu lopuma pa sabata kapena awiri pa masabata awiri, ndiponso tchuthi cholipidwa cha masiku 28 pa chaka kwa wogwira masiku asanu pa sabata. Tchuthi chimenechi ambiri timachithera pa ganyu ya kwina. Wodwala amadzilembera yekha masiku 7 oyamba, kupyola apo pamafunika kalata ya kuchipatala, ndipo matenda a maganizo amawerengedwa monga matenda ena onse. Amene akuopa bwana chifukwa cha viza asalimbane naye yekha. Ayambe wafunsa ku bungwe la anthu apantchito kapena ku Citizens Advice, kumene uphungu ndi waulere.

Khomo loyamba la chithandizo ndi dokotala wa m'dera, amene kuno timamutcha GP. Ku England kulembetsa n'kwaulere, ndipo sikulira kuti muonetse mapepala okhalira m'dziko. Muuzeni zonse, za m'thupi ndi za mumtima, pakuti kutopa kosatha nthawi zina kumachokera ku kuchepa kwa magazi, ku shuga kapena ku chithokomiro, ndipo izi zimaoneka poyeza magazi. A NHS amalangizanso anthu a khungu lakuda kuti aganizire zomwa vitamini D chaka chonse, popeza dzuwa la kuno silitikwanira. Ngati vuto ndi nkhawa kapena kukhumudwa, pali chithandizo chokambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino, chotchedwa NHS Talking Therapies. N'chaulere, ndipo munthu wamkulu angathe kudzilembetsa yekha pa intaneti osadikira kalata ya dokotala. Mungapemphe womasulira, ndipo zimene mwanena sizipita kwa bwana wanu popanda chilolezo chanu. Mankhwala, ngati afunika, amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, choncho asatayidwe pa sabata yoyamba.

Tikudziwa chimene chimabweza makolo ambiri pakhomo la dokotala. Ndi mantha akuti akangoulula kuti akuvutika maganizo, anthu a ntchito yathu abwera kudzalanda ana. Tiloleni tiyankhe monga eni ntchitoyo. Lamulo la ana la 1989 lidakhazikika pa mfundo yakuti ana amakula bwino m'banja lawo, ndipo udindo woyamba wa khonsolo ndi kuthandiza banjalo kuti lilere lokha ana ake. Wogwira ntchito ngati yathu alibe mphamvu yochotsa mwana pakhomo mwa iye yekha. Makolo akapanda kuvomera, wogamula ndi khoti, kupatula apolisi amene pa ngozi yoonekeratu angateteze mwana kwa maola osapitirira 72. Kudwala maganizo pakokha si chifukwa chokwanira choti mwana achotsedwe. Pa zaka zimene tagwira ntchitoyi, kholo lopita lokha kukapempha thandizo timaliona ngati kholo losamala. Mabanja amene amafika pa mavuto aakulu kawirikawiri ndi amene adabisa mpaka mwana adayamba kuonetsa kusukulu zimene zikuchitika kunyumba.

Mawu apadera apite kwa abambo. Mudaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Ambiri mudafika kuno n'kupeza kuti maphunziro a kumudzi sakukupatsani ntchito imene mudaizolowera, kuti mwini viza ndi malipiro aakulu ndi mayi a kunyumba, pamene kumudzi akuyembekezabe kuti muzisenza mbumba yonse. Ku Britain, mwa anthu anayi aliwonse amene amadzipha, pafupifupi atatu ndi amuna. Kufunsa mnzanu mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Kumamupatsa poyambira kulankhula. Kumudzi tidakula tikudziwa kuti woyesa kudzipha amatengeredwa kupolisi, koma ku England ndi ku Wales zimenezi zidaleka kukhala mlandu mu 1961. A Samaritans amayankha ulere usana ndi usiku pa nambala ya 116 123. Ku England nambala ya 111 ili ndi gawo la matenda a maganizo, ndipo moyo ukakhala pa ngozi nambala ndi 999. Abale a ku Amereka ali ndi 988, ndipo a ku Joni ali ndi bungwe la SADAG.

Ambiri a ife mphamvu timazipeza m'pemphero, ndipo sitikuti lichepe. Koma wodwala shuga amapemphera akumwa mankhwala, ndipo palibe amamunena kuti chikhulupiriro chamuchepera. Tikupempha abusa, ansembe ndi mashehe athu kuti wovutika maganizo amupempherere, akatero amuperekeze kwa dokotala. Tikupemphanso mipingo ndi mabungwe, lathu lomwe lino, kuti munthu amene ali ndi tsiku limodzi lopuma asamapatsidwe makomiti atatu, ndipo akakana udindo asamanenedwe kuti wayamba kunyada.

Udindo wathu ngati gulu

Kungakhale kupanda chilungamo kuuza munthu wotopa kuti adzisamalire, ife n'kuima patali. Tikamva kuti mnzathu watisiya, m'masiku ochepa timasonkha mapaundi zikwizikwi kuti thupi likaikidwe kumudzi. Ichi n'chinthu chonyaditsa ndipo chisathe. Koma chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Pamaliro timasimba mmene malemu ankalimbikirira ntchito ndi mmene ankathandizira abale, ndipo sitidzifunsa kuti ndani mwa ife adamufunsapo ali moyo ngati akugona. Moni wathu wa "muli bwanji" yankho lake lidakonzedwa kale. Tiphunzire kufunsa kachiwiri, n'kukhala chete kudikira yankho lenileni. Ndipo tisunge pakamwa. Chimene chimatseka anthu athu pakamwa koposa ndi miseche, pakuti nkhani younong'onezedwa Loweruka ku Leeds imakhala itafika ku Ndirande pofika Lolemba.

Anzathu a ku Zimbabwe adationetsa kuti thandizo silidikira akatswiri okha. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda, ataona kuchepa kwa madokotala ngati iye m'dziko lawo, adayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare mu mzinda wa Harare kumvetsera anthu ovutika maganizo ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi, atakhala pa benchi kunja kwa chipatala. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench, ndipo vuto limene imalimbana nalo Ashona amalitcha kufungisisa, kumene ndi kuganiza kwambiri komwe kuja. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016 adaonetsa kuti okhala pa benchipo adapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha nthawi zonse. Pakati pathu tili ndi amayi ndi abambo aulemu wawo, osunga chinsinsi, amene angaphunzire luso limeneli. Tili ndi mabanja amene angasinthane kulera ana Loweruka limodzi pa mwezi kuti makolo ena agone. Tili ndi miphika yokwanira kuti mlongo wathu wobereka kumene alandire nsima yotentha kwa masabata awiri. Chikuta tingathe kuchimanga ngakhale ku Manchester.

Mayi uja adapita kwa dokotala. Adamupeza ndi kuthamanga kwa magazi kumene sankakudziwa, ndipo adayamba kuonana ndi mlangizi. Adachotsa shifiti imodzi. Nyumba ija idakali pamawindo, ndipo ikhala pomwepo chaka chino. Achimwene ake a ku Joni, amene palibe adawapemphapo chifukwa onse ankati wa ku Mangalande alipo, adatenga fizi ya mwana mmodzi. Mlamu wina sakuyankhabe moni. Chimene mayiyu ankaopa kwambiri chinali kuuza mayi ake omubereka, ndipo adazengereza masabata atatu. Atawafotokozera zonse, gogoyo adakhala chete kanthawi, kenako adangofunsa kuti: "Nanga mwana wanga, bwanji sudanene kale?"

Loweruka lapitali mayiyu adabwera kumsonkhano atagona mokwanira, ndipo mipando tidasanja limodzi. Inunso amene mukuwerenga nkhaniyi pa nthawi yopuma pakati pa usiku, kapena m'basi pobwerera kunyumba, tikukupemphani kuti sabata ino musankhe chinthu chimodzi: kulembetsa kwa dokotala, kubweza pepala la maola lija, kapena kuimbira mbale mmodzi n'kumuuza zoona. Khalani bwino, ndipo tidzaonane tonse tili amoyo.